Ng'ombe Zomva Chilomwe

Mwana wanga wamkazi, uyu amagwira ntchito ku Zomba, atabwera kudzationa mwezi watha anandionetsa kanema pafoni yake. Munali azungu atakwera akavalo, akudumpha mipanda ndi maenje a madzi, anthu ali m'mbali kuomba m'manja. Ine ndinati, "Koma munthuyu kavalo wake amamudziwa." Mwana uja anaseka. Anati kavaloyo si wake, mwini wake ndi wina, wachuma, amene mwina sanakwerepo ngakhale bulu. Wokwerayo amangomusamalira ndi kumuphunzitsa zaka ndi zaka, ndipo akalephera pampikisano waukulu, mwini uja amatha kumulanda kavaloyo n'kupatsa wina amene wangopambana kumene. Ankafotokoza ngati nkhani yoseketsa ya anthu akutali. Ine ndinamubwezera foniyo n'kunamizira kuti maso akundiwawa. Zoona zake n'zakuti manyazi anandigwira, chifukwa mwini wotereyo ndinakhalapo ine, konkuno ku Nkhulambe, ndipo akavalo anga anali ng'ombe ziwiri zapagoli.

Ndinagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Nditatopa ndi kusenza malata ndi matumba a simenti, ndinabwerera kumudzi ndi kangachepe kanga, n'kugula ng'ombe ziwiri zazing'ono zofula, ina yofiira, ina yakuda ya banga loyera pamphumi. Kwathu kuno ng'ombe zolimira si zambiri, anthu amadalira khasu ndi msana wawo, ndiye munthu wokhala ndi ng'ombe ndi ngolo amamveka. Kumvekako n'kumene ndinkafuna. Kugula ndinagula, koma kuziphunzitsa sindikanatha. Ine ng'ombe ndinkaidziwira m'mbale basi.

Amene ankazidziwa anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Anachokera kutsidya kwa malire, ku Mozambique, n'kudzakwatira pamudzi pathu, ndipo monga mwa mwambo wathu anamanga nyumba pamalo pa akazi awo. Mkamwini kwathu kuno alibe chake. Munda ndi wa mkazi, ana ndi akuchikazi, ngakhale mango amene wabzala ndi manja ake akachoka amawasiya. Alamuwo anali munthu wofatsa, wosachuluka mawu, ndipo Chichewa chawo chinali chonunkha Chilomwe. Galimoto ankati kalimoto, ng'ombe ankati ng'ope, alangizi a zaulimi akabwera ankawavulira chipewa n'kunena kuti "pwana" m'malo mwa "bwana". Ine ndinkafa nazo kuseka, ndipo ndinkawayesezera pagulu. Iwo ankangomwetulira n'kunena kuti, "Alamu inu, simutopa?"

Chomvetsa chisoni n'chakuti nanenso ndine Mlomwe. Agogo athu anachokera mbali yomweyo, ndipo mayi anga ndili wamng'ono ankandilankhula Chilomwe. Ndinachitaya kusukulu, kumene anzathu ankatiseka, ndipo ku Limbe ndinachikwirira n'kupondapo. Ndinkalankhula Chichewa chothira Chingerezi kuti munthu asandizindikire kwathu. Pobwerera kumudzi ndinali nditafika poti wina akandilankhula Chilomwe ndinkangomuyang'ana pakamwa.

Ng'ombe zija ndinazisiya m'manja mwa alamu, ndipo zinakhala kwa iwo zaka zitatu. Khola anamanga okha kuseri kwa nyumba yawo. Goli anasema okha, n'kulipala ndi chibenthu cha botolo mpaka linasalala, kuti lisamazisupule pakhosi. Anayamba kuzikoketsa chipika, kenako ngolo yopanda kanthu, kenako pulawo. M'mawa uliwonse ankazipatsa madeya othira mchere n'kumazichotsa nkhupakupa ndi zala, uku akucheza nazo m'Chilomwe ngati anthu. Chikwapu analibe. Ena akamalima ndi ng'ombe pamafunika anthu awiri kapena atatu, wina kugwira pulawo, wina kutsogolera, wina kukwapula. Alamu ankalima okha. Ankangotchula mawu amodzi chapansipansi, ng'ombe n'kuyamba kuyenda, kutchula ena, n'kukhota, kutchula enanso, n'kuima nji. Mawuwo ndinkawamva tsiku ndi tsiku koma sindinawasunge, ndipo sindinafunsepo.

Ngolo ija inasintha alamu anga. Ankanyamula nandolo wa anthu kupita naye kumsika, ankanyamula mchenga ndi njerwa, ndipo kangapo konse ananyamula odwala ndi amayi oyembekezera kupita nawo kuchipatala njinga italephera. Anthu amene kale ankangowadutsa anayamba kupatuka kudzawapatsa moni. Pamaliro, pamene kale ankangowatuma kuwaza nkhuni, anayamba kuwapatsa mpando. Ng'ombezo n'zimene zinawapatsa nkhope pamudzi pa eni. Ine ndinkaziona zimenezi, ndipo ndivomere kuti mumtima zinkandidya, chifukwa anthu ankati "ng'ombe za alamu anu" pamene wogula ndinali ine.

Chaka chachitatucho alangizi anakonza chionetsero cha zaulimi, ndipo anaikapo mpikisano wolima ndi ng'ombe. Munda wake unali pafupi ndi bwalo la sukulu ina. Aliyense anamuyezera chigawo chake, ndipo ankayang'ana kuongoka kwa mizere, kuzama kwake, ndi amene wamaliza msanga. Mphoto inali pulawo yatsopano. Ine ndinavala jekete, dzuwa lili phwee, n'kukaima kutsogolo kuti aliyense adziwe mwini wake wa yofiira ndi yakuda.

Poyamba zinkayenda bwino. Mizere ya alamu inali yoongoka ngati atayala chingwe. Koma atafika pakati penipeni anaimitsa ng'ombe, n'kusiya pulawo, n'kukagwada pa mwendo wa yakuda ija. Anali ataona kuti ikutsimphina. Anaizula munga pakati pa ziboda, anaisisita, anadikira kaye kuti ipondepo bwino, anzawo onse akuthamanga. Anthu anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti, "Aphikireni tiyi kumene!" Ine thukuta linali kamukamu m'jekete muja, mtima ukuwira. Alamu anamaliza komalizira, ndipo ngakhale alangizi anayamikira mizere yawo, pulawo inapita kwa bambo wina wa ku Nazombe, wamfupi, wa mawu aakulu, amene chikwapu chake chinkalira kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Bambo ameneyu anandipeza ndikumasula njinga. Ng'ombe zimene anapambanira sizinali zake, zinali za wamalonda wina amene ankafuna kuzigulitsa, ndiye ankasakasaka zina zoti aziyendetsa. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Bwana, ng'ombe zabwino pabwalo lonseli ndi zanu. Vuto ndi woyendetsa. Mutandipatsa ine chaka chimodzi chokha, chaka chamawa dzina lomveka pachinkuzamawu likhala lanu." Mawu amenewa anandilowa m'mutu. Panjira yonse ndinkangodziona ndikulandira pulawo, anthu akuomba m'manja. Za munga uja sindinaziganizireko n'komwe.

Patapita sabata ndinapita naye kwa alamu m'mawa. Pakhola panali amayi angapo ndi matumba awo a nandolo, akudikira ngolo. Ndikanatha kuwaitanira alamu pambali, koma sindinatero, ndinalankhulira pomwepo.

"Alamu, ng'ombezi ndaganiza zoti aziyendetsa bambo awa."

Anandiyang'ana, anayang'ana bambo uja, n'kutsitsa chidebe cha madeya pansi. "Alamu, kapena talakwa penapake?"

"Simunalakwe. Koma mwaona nokha mmene zinathera. Tinasanduka choseketsa."

Iwo anati, "Alamu, ng'ope izi sizimva Chichewa."

Amayi aja anaseka, bambo uja anaseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndinali ine. Ndinati ng'ombe ilibe mtundu, ng'ombe ndi ng'ombe. Apa achemwali anga anatuluka m'khitchini, maso ali psuu ndi utsi. "Achimwene, mwaganiza bwino? Munthuyu zaka zitatu wadzuka nazo, wadwala nazo. Mukumulanda chifukwa cha tsiku limodzi?"

Mtima wanga ndi wapachala, ndipo kudzudzulidwa ndi achemwali pamaso pa mlendo kunandipsetsa mtima zedi. Mawu amene ndinayankha ndikanakonda kuwaiwala, koma ndimawakumbukira onse. Ndinati, "Ng'ombe ndi zanga, ndinagula ndine. Awa anabwera ndi chiyani pamudzi pano? Si mphasa ndi khasu basi?"

Amayi aja anayang'ana pansi. Achemwali anagwira pakamwa n'kubwerera m'khitchini. Alamu analowa m'nyumba, anatuluka ndi goli lija anasema okha, n'kulipereka kwa bambo uja. Kenako anayamba kumufotokozera mofatsa kuti yofiira imakhala kumanja, yakuda imaopa phokoso, ndipo akafuna kuti ziime azinena mawu akutiakuti. Sanamalize. Bambo uja anawadula pakamwa, n'kukweza chikwapu m'mwamba. "Musavutike, madala. Chilankhulo chake ndi ichi." Ng'ombe zinatuluka m'khola zikutembenukatembenuka, ndipo amayi aja anasenza matumba awo pamutu n'kumapita kumsika wapansi.

Alamu anabwerera kukhasu. Sanandinenere choipa kwa munthu aliyense, ndipo tikakumana moni ankandipatsa, koma ndinazindikira patapita nthawi kuti mawu oti "alamu" anali atasowa m'moni muja. Achemwali analeka kunditumizira makaka, chinangwa chouma chija, ndi ndiwo monga ankachitira. Pamaliro ena ndinawaona alamu ali kuseri, nkhwangwa ili m'manja, akuwaza nkhuni. Ndinayang'ana kumbali.

Nthawi zina bambo wa ku Nazombe uja ankadutsa pamsewu wathu ndi ngolo. Ikafika pa kanjira kolowera kwa achemwali, ng'ombe zinkakhota zokha, ndipo iye ankaziongola ndi chikwapu. Alamu akamva ngolo ikubwera ankasiya chimene akuchita n'kulowa m'nyumba. Tsiku lina ndinaimitsa ngoloyo ndipo ndinaona kuti yofiira yasupuka pakhosi, ntchentche zili ng'waa, yakuda nthiti zikuwerengeka. Bambo uja anati si kanthu, ng'ombe yantchito imatero. Ndinadziwa kuti akunama. Koma kuvomera kukanatanthauza kupita kwa alamu mutu uli pansi, ndiye ndinauma mutu, ndikudziuza kuti tikangotenga mphoto aliyense aona kuti ndinaganiza bwino.

Chaka chotsatira chionetsero chinachitikira pamalo omwe aja, ndipo anthu anachuluka kuposa kale. Anabweretsa chinkuzamawu chachikulu n'kuchimangirira pamtengo pafupi ndi munda. Kumapeto kwa mundawo, pansi pa mtengo wa mango, panakhala amayi ogulitsa zitumbuwa ndi chinangwa chophika, ena ali ndi makanda kumsana. Alamu sindinawaone, ndipo ndinaganiza kuti sanabwere. Ine ndinavalanso jekete ija.

Wembulo italira, bambo uja anayamba ndi chikwapu. Mzere woyamba unakhota, wachiwiri unakhota kwambiri. Ng'ombe zinkakokerana, ina uku, ina uku, ndipo iye ankangowonjezera kukwapula ndi kutukwana. Ali pamzere wachitatu, chinkuzamawu chija chinalira mwadzidzidzi, kulira koboola m'makutu kuja. Yakuda inadumpha, chikwapu chinaitera pamphuno, ndipo zonse ziwiri zinaliyatsa liwiro. Bambo uja anakokedwa pang'ono n'kugwa chafufumimba. Pulawo inazuka m'nthaka n'kumanjanja pambuyo pawo, mpeni wake uli pamtunda, ndipo zinalunjika kumtengo wa mango kuja.

Anthu anabalalika akukuwa. Amayi ena anathawa, koma ena anali atakhala pansi miyendo ili tambalale, mabeseni ali pamiyendo, ndipo sakanatha kudzuka msanga. Bambo uja ali pansi pomwepo ankakuwa kuti, "Ima! Ima!" Ine, mwini ng'ombe, ndinathamanga pambuyo jekete ikuuluka, ndikukuwa kuti, "Imani! Chonde imani!" ngati ndikupempha akuluakulu a mpingo. Ng'ombe sizinatembenuke n'komwe. Ndinkaona mayi wina akulimbana ndi kudzuka, khanda lili kumsana, ndipo ndinadziwa kuti ngati pulawo ija imupeza, wapha ndine.

Kenako ndinamva mawu kuchokera m'mbali mwa mtengo uja. Sanali okuwa kwambiri, anangokwezedwa pang'ono.

"Emela."

Ng'ombe zinaponda pansi mwamphamvu, fumbi koboo, goli linalira, pulawo inagubuduka n'kugona chammbali. Zinaima mapazi ochepa chabe kuchokera pa beseni la mayi uja, zikupuma mwawefuwefu, makutu atalunjika kumene kunachokera mawuwo. Alamu anatuluka pakati pa anthu, chipewa chawo chakale chili kumutu, n'kudzagwira yakuda ija pamphumi. Anali atabwera wapansi, n'kukaima kumbuyo kuti ndisawaone.

Ine chimene chinandibaya kwambiri chinali china. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Emela, ndiye kuti ima. Mayi anga ankandiuza mawu omwewo ndili mwana, ndikamathamangira kumsewu kapena kumtsinje madzi atasefukira, ndipo nanenso ndinkaima pomwepo. Zaka zitatu alamu ankawatchula ine ndili pambali pawo, ine ndili kalikiliki kuseka "kalimoto". Akanakhala kuti sanabwere tsiku limenelo, munthu akanafa chifukwa cha mawu amene anali m'mutu mwanga momwe, ine nditakana kuwadziwa.

Za mphoto panalibenso. Alangizi anationetsa zilonda za ng'ombe pamaso pa anthu, ndipo anafunsa kuti mwini wake ndani. Chaka chathunthu ndinkafuna kuti dzina langa limveke pachinkuzamawu, ndipo linamvekadi. Bambo wa ku Nazombe anadzisasa fumbi n'kuyamba kuuza anthu kuti ng'ombezo ndi zolodzedwa, mkamwini uja anazichita mankhwala. Anandiponyera chikwapu m'manja, anati sangayendetse ng'ombe zaufiti, n'kukwera njinga yake.

Alamu anamasula tcheni cha pulawo, anapepesa mayi uja, n'kuyamba ulendo wobwerera kumudzi osandiyang'ana. Sanagwire chingwe, ndipo sanaziitane. Ng'ombe zinangowatsatira. Ndiye mumsewu tinali chonchi: alamu patsogolo, ng'ombe pakati, ine pambuyo ndikukankha njinga, pulawo nditaimangirira pakaliyala, chikwapu chili m'manja. Anthu amene tinkakumana nawo ankapatsa moni alamu, ine n'kungondiyang'ana. Nditaona kuti chikwapucho chikundichititsa manyazi, ndinachiponya m'munda wa nandolo.

Tinafika dzuwa litapendeka. Khola lija linali lilipobe. Chaka chonse alamu sanaliphwasule, ndipo mitengo ina imene chiswe chinadya anali ataisintha. Anachotsa goli, analiyang'ana pamene linang'aluka, n'kuliimika pakhoma. Achemwali anabweretsa madzi ofunda othira mchere. Alamu anayamba kutsuka chilonda cha yofiira ndi kansalu, pang'onopang'ono, akuilankhula m'Chilomwe mawu ambirimbiri, kuposa amene anandilankhula ine chaka chonsecho. Ine ndinaima kunja kwa khola, manja ali pamtengo, ndikufunafuna poyambira.

"Alamu," ndinatero, "ndinalakwa. Zimene ndinanena tsiku lija sizinali zoyenera kunena kwa munthu ngati inu. Ng'ombe ndi izi, zikhale pompano. Mundikhululukire."

Anafinya kansalu kaja, anakayanika pamtengo, n'kupukuta manja pa buluku. Kenako anavula chipewa, monga ankachitira kwa alangizi.

"Zikomo, bwana. Tizisamala. Mudzangotiuza tsiku lodzazitenganso, kuti tidzakonzeretu goli."

Sanati "pwana". Anatchula bwino lomwe, mosamala, ngati munthu amene wakhala akuyeserera. Ndikanakonda akananditukwana, kapena kundimenya ndi goli lomwe lija. Ndinayang'ana achemwali kuti mwina andithandiza, koma iwo anatola beseni lawo n'kulowa m'nyumba.

Ng'ombezo sizinachokenso pakhomo pawo. Zilonda zinapola, ngolo inayambanso kuyenda, ndipo pamaliro anayambanso kuwapatsa mpando. Kumpikisano sanapitekonso, ndipo ine sindinawafunse. Achemwali anayambanso kunditumizira makaka. Ndinayesa kuuza alamu pamaso pa abale kuti ng'ombezo ndawapatsiratu, ndi zawo, koma anakana mwaulemu, anati iwo ndi osunga chabe. Ndinayesa kuwapempha kuti azindiphunzitsa Chilomwe, anati munthu wophunzira ngati ine chingandithandize chiyani.

Mwana wanga uja atabwerera ku Zomba, m'mawa mwake ndinadutsa pakhola monga ndimachitira masiku onse. Ng'ombe zakalamba tsopano, ndipo alamu nawonso imvi zili mbuu. Ndinawapeza akuchotsa nkhupakupa pakhutu la yakuda.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Anaweramuka n'kuvula chipewa. "Tadzuka bwino, bwana. Kaya inu?"